Zomwe tinaona ku Kariakoo ndi ku Zanzibar

Tinanyamuka ku Mzuzu tili anthu 14 a gulu lathu la banki m'khonde, ambiri ndife azimayi ogulitsa zitenje ndi nsapato. Asilamu analipo 4, enafe a CCAP, Akatolika ndi a Seventh Day. Mipingoyi ndaitchula dala, chifukwa pokonzekera ulendowu panali kukokanakokana. Ena anakana kunyamuka Loweruka, ena amafunsa kuti nkhuku ya kamba achinja ndani. Mpaka powoloka pa Songwe kulowa Kasumulu, m'basi aliyense anali atakhala ndi a mpingo wake.

Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam miyendo inachita kutupa, koma titalowa mu Kariakoo kutopa konse kunatha. Dzina la msikawu linachokera ku Carrier Corps, amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Lero amtengatenga ake ndi anyamata osenza mabelo, ndipo ukayima pakati pa njira akugunda.

Lachisanu tinali mu shopu ina tikusankha nsalu. Nthawi yoswali itakwana, mwini shopu, bambo wachikulire ndithu, anavala kofia yake n'kupereka makiyi a ndalama kwa mayi wa shopu yoyandikana nayo. Mayiyo anali ndi kolona m'khosi. Anatigulitsa nsalu za bamboyo, kulemba m'kope lawo, ndalama n'kuponya m'dirowa yawo osawerenganso kawiri. Mnzathu wa ku Karonga wodziwa Chiswahili atafunsa, mayiyo anati Lamulungu iye akapita ku Misa, bamboyo ndiwo amamuyang'anira shopu. Bambo aja atabwerako kumzikiti, ndalama za amayi apampando athu zogulira katundu zinaperewera. Bamboyo sanafunse kumene amapemphera. Anangotsegula kope, kuona kuti ngongole ya ulendo wapita anabweza yonse, basi katundu anatuluka.

Mawa lake ena tinakwera sitima ya pamadzi, maola ngati 2, kupita ku Zanzibar. Mu Stone Town, tawuni yakale ya kumeneko, mizikiti, akachisi a Ahindu ndi matchalitchi zili moyandikana m'tinjira topapatiza, poti amalonda ochokera ku Oman, ku India ndi kumtunda kuno akhala akukumana pamenepo kwa zaka mazanamazana. Koma musaganize kuti malonda onse anali abwino. Tchalitchi cha Anglican cha Christ Church chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, womwe unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa ogulitsidwawo anali ochokera kunyanja kwathu konkuno, ena atawolotsedwa pa Nkhotakota m'masiku a Jumbe. M'chipinda cha pansi chomwe amati ankasungiramo akapolo, chamdima, denga lake pafupi ndi mutu, ine misozi inandilengeza. Amene anandigwira dzanja ndi mayi wachisilamu amene ku Mzuzu tinkangopatsana moni wapakamwa. Msika umene uja unali wogwira munthu pakhosi. Wa ku Kariakoo aliyense amabwera yekha, ndipo ukamunyoza chifukwa cha chipembedzo chake, amakagula khomo linalo.

Pobwerera tinadya mbale imodzi ku Mbeya, nkhuku atachinja achimwene athu achisilamu. Msonkho pa Songwe unatipweteka ndithu, phindu la nsapato latsika. Pa msonkhano wathu wotsatira tinagwirizana zoyang'anirana mabenchi: Lachisanu masana ife tizigulitsira Asilamu, Loweruka a Seventh Day, Lamulungu iwo azitigulitsira ife. Sabata yatha ndinagulitsa zitenje 6 pa benchi la mayi anandigwira dzanja uja.