Mmene ndinaphunzirira ntchito ya mu labotale ya biotechnology

Ndinalowa maphunziro a biotechnology, sayansi yogwiritsa ntchito zamoyo popanga zinthu zothandiza, ndikuganiza kuti sabata yoyamba yomweyo ndiyamba kugwira DNA, chinthu cha m'maselo chimene chimasunga malangizo a chibadwa cha zamoyo. Anatipatsa madzi, sikelo ndi pipette, basi.

Posankha ophunzira amayang'ana bayoloje, kemisitili ndi masamu. Masamuwo ine ndinkawaderera, koma mu labu sungawathawe. Uli ndi mankhwala amphamvu, ukufuna kuwathira madzi kuti afike pa mlingo woyenera, ndiye C1V1 = C2V2, samu yowerengera kuchuluka kwa mankhwala ndi madzi oti usakanize, imangokhala pakamwa ngati dzina lako.

Pipette ndi kachipangizo kooneka ngati cholembera chonenepa, kotungira timadzi tochepetsetsa. Muyeso wake ndi microlitre, ndipo mu lita imodzi mumakhala ma microlitre 1,000,000. Ntchito yathu inali kutunga ma microlitre 100 a madzi, kuthira pa sikelo, n'kuona ngati ikuwerenga magalamu 0.100. Kakhumi konse motsatizana. Kwa ine sikelo inkangopitirira. Vuto linali chala chachikulu. Batani la pipette limaima pawiri: potunga umadina mpaka poima poyamba, pothira ndi pamene umapitiriza mpaka pachiwiri kuti kadontho kotsalira katuluke. Ine ndinkadina mpaka pansi nthawi zonse. Madamu amene ankatiphunzitsa anaima kumbuyo kwanga kwakanthawi, kenako anati, "Achimwene, chala chanucho chikuthamangira kuti?" Zinanditengera masabata awiri kuti dzanja likhazikike.

Titachoka apo tinaphunzira ukhondo, wosiyana ndi wongosesa ndi kukolopa. Ziwiya ndi chakudya cha mabakiteriya zimalowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, pa 121°C kwa mphindi zosachepera 15. Tebulo timapukuta ndi ethanol wa 70 peresenti. Ndinadabwa kumva kuti ameneyu amapha tizilombo bwino kuposa wopanda madzi, chifukwa madziwo amamuthandiza kulowa m'kati mwa kachilombo komanso sauma msanga. Kenako timadzala bakiteriya wotchedwa E. coli pa mbale ya agar, chakudya chake cholimba ngati jelo, n'kuiika pa 37°C. Zinthu zikamuyendera, bakiteriyayu amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, moti mbale imene madzulo inkaoneka yopanda kanthu, m'mawa umaipeza ili ndi timadontho toyera. Ukaona nkhungu pambali, dziwa kuti unasiya chivindikiro chotsegula ukucheza. Za centrifuge, makina ozunguza machubu mothamanga kuti zolemera zitsike pansi, ndingonena chimodzi: chubu chilichonse chikhale ndi chinzake cholemera mofanana mbali inayo, apo ayi makinawo amanjenjemera mpaka aliyense kucheuka.

PCR, njira yochulukitsira DNA, ndi imene inandiphunzitsa zambiri. Njirayi anaitulukira Kary Mullis mu 1983, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1993. Imachulukitsa kachidutswa ka DNA potenthetsa ndi kuziziritsa mobwerezabwereza: cha pa 95°C zingwe ziwiri za DNA zimalekana, cha pa 55°C ma primer, tizidutswa tatifupi ta DNA tosonyeza poyambira, amamatirira pa zingwezo, pa 72°C enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito) yotchedwa Taq imamanga chingwe chatsopano. Taq sifa ndi kutentha koteroko chifukwa imachokera mu Thermus aquaticus, bakiteriya amene anapezeka m'akasupe otentha a ku Yellowstone ku America. Ukabwereza ka 30, kachidutswa kamodzi kakhoza kubala pafupifupi 1 biliyoni. Ubwino wake ndi womwewo, kuopsa kwake ndi komwekonso, chifukwa ka DNA kolowerera mwangozi nakonso kamachuluka chimodzimodzi.

Tsiku lina ndinathira zitsanzo zanga za PCR mu jelo ya agarose, imene imalekanitsa zidutswa za DNA kuti zioneke ngati mizere, kuyatsa magetsi, DNA n'kuyamba kuyenda kulowera kumbali ya positive. Nditaunika, mizere inatuluka yowala bwino, ndipo mtima unangoti myaa. Kenako ndinayang'ana kumapeto, pa negative control, chubu chimene timathiramo madzi okha m'malo mwa DNA. Pamene panayenera kukhala mdima panalinso mzere. Kunena zoona, ganizo lojambula chithunzi n'kudula mbali imeneyo linandifikira. Ndinakawaitana Madamu. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Madzi munagwiritsa ntchito ndi ati? Tsegulani buku lanu." Mwamwayi ndinali nditalemba. Anali madzi omwe ndinatsegula dzulo lake pa tebulo lomwelo pamene ndinkatsegulirapo machubu a PCR yatha kale. Tinataya madziwo pamodzi ndi ma primer amene ndinasungunula nawo, ndipo ntchito ya masiku atatu ndinaiyambanso.

Bukulo lili ndi malamulo ake. Umalemba ndi bolopeni, deti pamwamba, nambala ya botolo lililonse, nthawi yomweyo osati madzulo ukakumbukira. Ukalakwitsa sufufuta, umangodula mzere umodzi kuti zolakwikazo ziziwerengekabe, n'kusaina pambali.

Chakumapeto anatitumiza kukaphunzira ntchito mu labu yeniyeni kwa miyezi ingapo. Kumeneko chilichonse chili ndi SOP, pepala lofotokoza ndondomeko yake, ndipo ngakhale ukudziwa njira yachidule suloledwa kuisintha wekha. Ambiri zimawatopetsa. Ine ndinkazikonda, mwina chifukwa cha madzi aja.

Pa intavyu ya ntchito sanandifunse za Mullis. Anandifunsa mmene ndingapangire mamililita 50 a buffer (madzi a mankhwala oteteza kuti asidi asasinthe) ya 1X kuchokera ku ya 10X, yamphamvu kakhumi. Ndinayankha kuti mamililita 5 a buffer ndi 45 a madzi. Kenako anandipatsa pipette, kabotolo ka madzi, n'kundilozera sikelo.