Chitini cha supu pabalaza

Ndangochoka kwa achimwene kuno ku Dedza, pabalaza apachika chithunzi cha chitini cha supu, chitini basi! Ndimvekere kodi mwatsegula golosale? Iwo kuseka, akuti ndi kope la chimodzi mwa zitini 32 za supu ya Campbell's zomwe katswiri wojambula wa ku America Andy Warhol anajambula mu 1962, ayamba kutolera zoterezi, cha Marilyn Monroe, mayi wotchuka wa m'mafilimu yemwe Warhol anamujambulanso, chili m'njira.

Akuti mkuluyo ankaonetsa kuti zomwe timagula tsiku ndi tsiku nazonso ndi luso. Chabwino ndamva, koma ine zandiwawa, anyamata ojambula mabotolo a Fanta ndi mitu yometedwa pamakoma a mashopu pa Lizulu anayamba kalekale zomwezi, timangowapatsa ya sopo kenako mwini shopu akasintha bizinesi n'kupaka laimu pamwamba, pomwe chithunzi chimodzi cha Marilyn chinagulidwa madola 195 miliyoni mu 2022. Abale inu!