Zikomo nonse, gauni yofiira ija ndaivala

Abale anga zatheka. Sabata yatha anatchula dzina langa mu holo, ndinakwera pansanja nditavala gauni yofiira, ndipo PhD ija ndinaiyamba mu 2018 uku ndikugwira ntchito pa yunivesite yomweyo kuno ku Johannesburg yatha basi. Mauthenga anu pa WhatsApp ndi pa Facebook ndawaona onse koma kuyankha mmodzimmodzi sindingakwanitse, nde ndati ndilembe kamodzi. Ndi zazitali ndithu, amene mwatopa kale ingodinani kamtima muzipita, sindidandaula.

Kwa azakhali ndi ena nonse amene munkandifunsa chaka ndi chaka kuti kodi sukulu yakoyi siikutha bwanji, lero ndiyankhe. Ine sindinabwere kuno ngati mwana wa sukulu, ndinabwera kudzagwira ntchito, ndipo ntchito yanga ndi ya mu ofesi yoona za ophunzira a masitazi ndi PhD, kulembetsa, kusunga mafayilo, kutumiza mabuku awo kwa oyesa. Ndiye tangoganizani, masana onse ndikunyamula ntchito za anzanga zomalizidwa bwinobwino, ena ana ang'onoang'ono obadwa ine ndili kale ku Chanco, kenako 4:30 ikakwana nkutseka kompyuta ya abwana, kutsegula laputopu yanga nkupeza chaputala 2 chili pomwe ndinachisiya mwezi watha. Amene amaphunzira osagwira ntchito amatha kumaliza pa zaka zitatu kapena zinayi. Ife a part-time timalima dimba usiku titaweruka ku ganyu. Chabwino chake nchakuti wantchito wa pa yunivesite amachotseredwa fizi, pakanapanda zimenezo ine sindikanayerekeza nkomwe. Komabe njira ndi yomweyo, sakuchepetsera kanthu: mapepala a kwathu amayamba adutsa ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro kuno, kuti awone ngati akufanana ndi a kuno, kenako ulembe pulopozo uiteteze pamaso pa komiti, kenako upemphe chilolezo kwa a ethics, komiti yoteteza anthu ofunsidwa mu kafukufuku, usanafunse munthu funso ngakhale limodzi, ndipo pamapeto buku lako limapita kwa oyesa atatu amene sukuwadziwa, wina wa kunja kwa dziko lino, iwe nkungokhala miyezi kumadikira.

Koma amene ndikufuna ndiwathokoze poyamba si a ku yunivesite ayi. Kafukufuku wanga anali wa ndalama zimene ife a Malawi a ku Joni timatumiza kumudzi, ndipo buku lonse lija ndi mawu a anthu amene anandipatsa Lamulungu lawo. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu ku Sandton, Randburg ndi Fourways, abambo osamalira maluwa m'mayadi, matelala a ku Mayfair ndi Fordsburg, anyamata opereka katundu pa njinga zamoto. Munthu amene amapuma tsiku limodzi pa sabata, tsiku lomwelo achape, apite ku tchalitchi kapena akaone m'bale, aimbe foni kumudzi, nkuvomera kukhala ndi ine maola awiri m'kachipinda ka kuseri ku Rosettenville kapena Turffontein ndikumufunsa za m'thumba mwake, zomwe ngakhale mkazi wake mwina samuuza. Ndipo ndinayamba kuyenda ndi mafomu anga ovomereza aja nthawi yoipa kwambiri, chakumapeto kwa 2019, patangopita masabata ochepa chichitikire zipolowe za mu September zija anaphwanya ndi kuotcha mashopu a anthu obwera. Kumuuza munthu nthawi imeneyo kuti sainani apa ndikujambulani mawu, mumangoona maso ake akupita pa chitseko. Ena anakana ndipo sindinawaone olakwa. Ena anati ulankhule kaye ndi abusa, kapena ndi tcheyamani wa gulu lathu la maliro, akavomera ubwere. Zikomo atsogoleri nonse amene munandiikira kumbuyo kuti uyu ndi wathu, si wa mapepala.

Mayi wina, sindingawatchule dzina chifukwa ndinalonjeza, atamva mafunso anga anangodzuka nkukatenga chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Munali timalisiti ta Mukuru tomangidwa ndi labala, tina tofufutika moti manambala osaoneka, koma iwo ankatulutsa kamodzikamodzi nkumanena, aka ndi ka feteleza chaka chija mvula inachedwa, aka malata, aka fizi ya mwana wa malemu achemwali, aka ndi ka bokosi la amayi. Ine ndinali nditawerenga mabuku ambirimbiri a akatswiri a za ndalama zotumizidwa kumudzi koma tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa chimene ndikulemba. Mayi inu ngati mwana wanu akuwerengerani izi, chaputala 5 ndi chanu.

Kenako Covid. Pa 27 March 2020 dziko lino linatsekedwa, kafukufuku anaima, ndipo anthu anga aja ambiri anangouzidwa ndi mabwana awo kuti musabwere kaye, opanda malipiro. Amene ankatumiza ndalama anayamba kupempha kumudzi kuti awatumizire. Ena anakwera mabasi aja anakafikira ku Kamuzu Stadium ndipo manambala awo sanagwirenso. Ine ndinachita manyazi kuimbira munthu wanjala kumufunsa mafunso a sukulu, nde ndinangosiya. Mu January 2021 bambo anga anamwalira kwathu ku Phalombe, nthawi yomwe ija matendawa anavuta kwambiri ku Malawi mpaka nduna ziwiri kumwalira tsiku limodzi, ndipo kuno malire a pamtunda anali atatsekedwa kwa apaulendo wamba, Beitbridge yomwe. Maliro a bambo anga ndinaonera pa foni, netiweki ikudukaduka, achimwene atanyamula foniyo m'mwamba kumanda. Achimwene, inu munasenza zonse, kudwazika, kuthamanga ndi bokosi, kulandira anthu pa siwa, kusunga amayi, ndipo simunandinenepo ngakhale tsiku limodzi kuti iwe uli ku Joni ukudya bwino. Mlamu wanga nanunso, madzi onse munatunga ndi nsima yonse munaphika m'malo mwa ine. Zikomo sikukwana.

Chaka chimenecho ndinalemba kalata yosiya sukulu. Apa mpamene ndithokoze supavaiza wanga, Pulofesa, mayi wa konkuno. Anthu amene munandionapo ndikutuluka mu ofesi mwawo maso ali psuu mukudziwa kuti sanali ofewa. Ukawapatsa masamba makumi atatu amabweza onse ali ofiira, ndipo funso lawo linali limodzi lomwelo m'mphepete mwa tsamba lililonse, nde zimenezi zikutiuza chiyani? Koma kalata ija ataiwerenga anangoti sindikuilandira, tipemphe kuti upume chaka, zilipo m'malamulo ndipo iwe ukuwadziwa malamulowo kuposa ine. Zinali zoona, fomu yake ndinkapereka kwa ena tsiku ndi tsiku. Ndikuuzeni inu amene mukuganiza zoyamba ulendowu muli pa ntchito, musasankhe supavaiza chifukwa cha kutchuka, funsani ophunzira ake ngati amayankha ma imelo ndiponso amatani munthu akagwa.

Bambo a ana anga. Inu simukonda kutchulidwa pa gulu koma lero mupirire. Zaka zonsezi Loweruka m'nyumba mwathu munalibe mkazi. Munaphunzira kuphika nsima yopanda mibulu ndi ufa wa kuno, munaphunzira kuluka tsitsi la mwana ngakhale mizere inkakhota, munapita nokha ku misonkhano ya makolo, ndipo anzanu ena pokuonani mukuyanika zovala ankakunenani kuti anakudyetsani, ndinamva, musaganize kuti sindinamve. Nthawi ya kuzimazima kwa magetsi ija, 2022 ndi 2023, tikufika siteji 6, magetsi kuzima kawiri katatu pa tsiku, inu ndi amene munkayang'ana ndandanda pa foni nkundidzutsa 2 koloko usiku kuti ayaka, dzukani mulembe azimanso 6. M'nyengo yozizira ya ku Joni, June, July, ndili mu bulangete zala zitauma, inu mwawiritsa kale madzi pa gasi mwathira mu fulasiki. Ndalama ya batire lija tinagula kuti laputopu ndi intaneti zisamazime inali yoti mukonzere galimoto. Ndikudziwa. Ana anga awiri, wamkulu iwe unalemba matric, mayeso omaliza sekondale kuno, amayi ako ali pa tebulo lomwelo akulimbana ndi zawo, tinkagawana nyale imodzi, ndipo wamng'ono unafika pomauza aphunzitsi ako kuti amayi anga amakhala mu kompyuta. Ndakubwererani tsopano.

Amayi anga ku Phalombe, mu March 2023 namondwe Freddy atagwetsa khoma la nyumba ndi kukokolola munda, ine ndinali pakati pa chaputala chomaliza ndipo ndinati ndikubwera. Inu munati ubwera kudzatani, madzi udzawabweza? Tumiza ya simenti umalize sukulu. Ndinatumiza, ndipo mu November chaka chomwecho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mitengo ya zonse inakwera moti zomwe tinawerengera sizinakwanenso, tinayambiranso kusonkha. Ndinaseka ndekha kuti zomwe ndikulemba mu buku ndi zomwe zikundichitikira pa foni. Amayi simunapite patali ndi sukulu koma palibe amene ankafunsa mwatsatanetsatane ngati inu, kuti kodi aja atatu ayankha? Atayankha, mmodzi anafuna ndikonze zambiri ndithu, ndinalira kaye kenako ndinakonza, ndipo kunena chilungamo anali ndi mfundo.

Ku ntchito ndithokoze anzanga a mu ofesi amene munkandigwirira ntchito ya pa kauntala nthawi ya kalembera kuti ndikakumane ndi Pulofesa, abwana anga amene munandilola kuphatikiza tchuthi changa chonse kuti ndilembe, ndi anzanga a gulu lathu lolemba la Loweruka, wa ku Zimbabwe, wa ku Lesotho ndi wa ku Limpopo, tinkangokhala chete mu chipinda chimodzi aliyense ndi zake, foni zili mu chikwama, koma zinkathandiza kuposa upangiri uliwonse. Awiri mwatsala, sindikusiyani, Loweruka ndizibwerabe. Komanso baba a chitetezo a pa geti la kumunsi, munkandiperekeza usiku mpaka pokwerera galimoto chikwama cha laputopu mutanyamula inu. Amene mumaidziwa Joni usiku mukumvetsa kuti imeneyo si nkhani yaing'ono.

Amayi a mvano ku tchalitchi kwathu, ndinajomba maulendo osawerengeka, yunifolomu inachita kufumbwa mu sutikesi, koma bambo atamwalira munadzaza nyumba yathu ngakhale malamulo ankaletsa kuchulukana, munkabwera awiriawiri mosinthana ndi mapoto. Gulu la chipereganyu, munandisinthira mwezi wanga kawiri konse osang'ung'udza. Mtsikana amene unandithandiza kulemba mawu a Chiyao ndi Chitumbuka kuchokera mu zojambula zija, ine Chiyao changa ndi cha moni basi, ntchito yako inali yotopetsa ndipo ndalama ndinakupatsa inali yochepa.

Pa tsiku lija ndili pamzere kudikira dzina langa ndinakumbukira agogo anga aamuna. Iwo anabwera kuno kale pa Wenela kudzagwira ntchito m'migodi ya golide, ndipo anabwerera kumudzi boma la Kamuzu litaimitsa zotumiza anthu, itagwa ndege ija ku Francistown mu 1974 nkupha a Malawi oposa 70. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chomwe sichinathe mpaka imfa. Milu ya dothi lachikasu la m'migodi ija ikadalipo, timaidutsa tikamapita kumwera kwa tauni. Ali moyo ankati Joni amadya anthu, ndipo amayi poyamba sankafuna ndibwere chifukwa cha mawu amenewo. Sindinganene kuti ankanama, anthu angapo amene ndinacheza nawo mu kafukufukuyu tinawasonkhera tokha kuti thupi lipite kumudzi.

Tsopano zinthu ziwiri. Choyamba, malume ndi ena amene mwayamba kale kunditumizira zithunzi za zotupa ndi mapepala a kuchipatala, chonde, udokotala wanga si wa jakisoni, pitani kuchipatala msanga. Ndiponso PhD sinabwere ndi envelopu, malipiro akadali omwe aja, nde za kukwezedwa tiona chaka chamawa. Chachiwiri, onse amene ndinacheza nanu ndinalonjeza kuti zomwe ndapeza sizikathera mu laibulale mu Chingerezi chokhachokha. Ndikulemba chidule cha masamba ochepa m'Chichewa, ndidzabweretsa ndekha ku matchalitchi, ku mzikiti ndi ku magulu a maliro komwe munandilandira, ndipo mudzandiuze pomwe ndalakwitsa.

Kaphwando kaliko Lamulungu loyamba la mwezi wamawa tikaweruka ku tchalitchi, ndasankha Lamulungu dala kuti a m'nyumba ndi a m'mayadi mupezeke. Malo ndilengeza pa gulu la WhatsApp. Matransipota andilonjeza kuti chambo chouma, kilombero ndi ufa woyera zifika nthawi yabwino ngati pa Mwanza ndi pa Beitbridge sipavuta. Amene muli ndi mipando ya pulasitiki mubwere nayo, ndipo amayi a thobwa paja munati ndikamaliza mudzaphika ndowa ziwiri, sindinaiwale.