Linki yofikitsa munthu pakhomo penipeni

Sabata yatha gulu lathu linkafotokoza kafukufuku wathu m'kalasi, ndipo anzanga anandisenzetsa ine ntchito yokonza masilaidi mu PowerPoint. Lipoti linali mu Word, masamba oposa 40, manambala onse ali mu Excel. Aphunzitsi athu amakonda kudula munthu pakamwa n'kufunsa kuti, "Nambala imeneyi mwaitenga kuti?" Chimene ndinkaopa n'kuyamba kusakasaka tsamba, kalasi yonse ili maso pa ine.

Ndinaganiza zoika malinki m'masilaidi, mawu oti ukawadina amakutsegulira fayilo ina. Kuika linki ndinkadziwa kale: kusankha mawu, kudina Ctrl+K, kenako kuloza fayilo. Koma linki yotere imangokutsegulira fayilo, osakufikitsa pamene ukufuna. Zili ngati kuuza mlendo kuti "ndimakhala ku Ndirande" basi, nyumbayo akaifufuze yekha.

Chimene ndinaphunzira ndi ntchito ya kachizindikiro ka #. Zimene ulemba kumanzere kwake ndi dzina la fayilo, za kumanja ndi malo a m'kati mwa fayiloyo. Mu Word umayamba waika bookmark, chizindikiro chokhala ndi dzina chosungira malo, pa ndime imene ukuifuna, kudzera pa Insert. Dzina lake liyambe ndi chilembo, osati nambala, ndipo lisakhale ndi mpata. Ine ndinalemba "Bajeti yathu" n'kudabwa kuti batani la Add silikudinika, mpaka ndinasintha kukhala Bajeti_yathu. Ndiye pa adiresi ya linki mu PowerPoint ndinalemba lipoti.docx#Bajeti_yathu. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti bookmark imamatirira ku mawu, osati ku nambala ya tsamba. Mnzathu wina anawonjezera masamba awiri koyambirira usiku womaliza (gulu lililonse lili naye munthu wotereyu), koma linki inkafikabe pa ndime ija.

Ku Excel njira ndi yomweyo: manambala.xlsx#Sheet2!B14 imatsegula shiti (tsamba la mu Excel) yotchedwa Sheet2 pa selo (kabokosi) B14. Koma apa ndinapunthwa. Wina akangowonjezera mzere pamwamba, nambala yako imatsikira pa B15, linki n'kumalozabe B14. Ndi bwino kuipatsa seloyo dzina m'kabokosi ka kumanzere kwa pamene timalemba fomula, n'kulemba dzinalo pambuyo pa #. Dzina limasamuka limodzi ndi selo yake.

Kulumikiza ku silaidi ya m'fayilo ina ya PowerPoint n'kosavuta: ukasankha fayilo umadina batani la Bookmark, mitu ya masilaidi onse n'kuonekera. PDF yokha inandikanika. Mu browser, #page=12 imagwira, koma pa laputopu yanga inkangotsegula tsamba loyamba, ndiye ndinangoisiya.

Phunziro lowawa linabwera tsiku loyeserera. Ndinakopera fayilo ya masilaidi yokha pa fulashi, tinaitsegula pa laputopu ya mnzanga, kudina linki, uthenga n'kubwera: "Cannot open the specified file." Ndinali nditaiwala kuti linki sinyamula fayilo, imangosunga adiresi yake. Lipoti linatsala pa kompyuta yanga. Madzulo ake ndinapanga foda imodzi, ndinaikamo mafayilo onse atatu, ndinafufuta malinki akale n'kuwapanganso ali m'fodamo, kenako ndinakopera foda yathunthu pa fulashi. Kuyambira pamenepo ndinaletsa aliyense kusintha dzina la fayilo, ngakhale kuwonjezera "final" kumapeto monga timachitira.

Tsiku lenilenilo, tili pa silaidi 9, funso lija linabweradi. Ndinadina, kabokosi kochenjeza za chitetezo kanatuluka, ndinavomera, Excel n'kutseguka pa selo yeniyeniyo. Mtima unakhala pansi. Ndisanadine n'komwe Alt+Tab kuti ndibwerere ku masilaidi, aphunzitsi anati, "Tadikirani kaye." Anayandikira pa khoma pamene pulojekita inkawalitsa, n'kuloza ndi cholembera: powonkhetsa tinali titasiya mzere umodzi.