Tinsabwe ta pakhungwa tomwe tinamira mu utomoni kalekale

Pali chithunzi china chake chomwe ndakhala ndikuchitsegula pafoni pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata angapo tsopano. Ndi kachilombo kakang'ono, mwina mamilimita awiri kapena atatu basi, kali mkati mwa kamwala koyera mbee kooneka ngati uchi, mapiko ake kawapinda pamsana ngati denga la nyumba, tinyanga take tatalitali tapita kumbuyo, ndipo pafupi ndi mwendo wake pali kathovu ka mpweya komwe kanatsekeredwa nako limodzi. Ukamakaona umangoti kafa dzulo. Koma kanafa zaka pafupifupi 40 miliyoni zapitazo, munthu kulibe, ndipo ine chiyambireni kukaona mtima sunakhazikike, nde ndati ndilembe.

Kamwalako amati amber, ndipo kunena zoona si mwala ngati miyala inayi ayi, ndi utomoni wa mitengo womwe unadontha, unauma, unakwiririka m'matope ndi mumchenga kenako patapita zaka mamiliyoni unalimba gwa. Utomoni ukamatsika pa thunthu la mtengo umakhala ngati ulimbo, chilichonse chaching'ono chomwe chauponda chathera pomwepo, kenako utomoni wina umabwera pamwamba nkuchikuta. Nde taganizani, ndi ndani angakodwe msanga kuposa kachilombo komwe nyumba yake, munda wake ndi msewu wake ndi khungwa la mtengo lomwelo?

Tizilombo take ndi timeneti, ine ndizingotitchula kuti nsabwe za pakhungwa, potengera dzina lake la Chingerezi loti barklice. Dzinali lisakuopseni, sitiluma munthu, sitiyamwa magazi, ndipo olo mtengo weniweniwo sitiuwononga. Timangopala ndere, chuku ndi tinyenyeswa tina tomera pakhungwa, mkamwa mwake muli kandodo kolimba ngati kachizulo komwe timagwiritsa ntchito popala, ndipo nkhope yake ndi yotupa kutsogoloku chifukwa muli minofu yamphamvu yopopera chakudya. Asayansi kale ankatiika mu gulu lotchedwa Psocoptera, pano amati Psocodea, ndipo mitundu yodziwika yomwe simakhala pathupi la nyama imapitirira 5,000. Chinanso chomwe chinandidabwitsa, timatha kumwa madzi kuchokera mumpweya wachinyontho, popanda dontho lililonse pafupi. Ngati munatsegulapo buku lakale lomwe linakhalitsa pachinyezi nkuona kadontho kotuwa kakuthamanga pakati pa masamba, ameneyo ndi m'bale wawo, Liposcelis, alibe mapiko ndipo amadya chuku cha papepala ndi guluu womatira bukulo.

Tsono nkhani yomwe yandigwira mtima kwambiri ndi iyi. Kunali bambo wina wa ku Königsberg, mzinda womwe lero ndi Kaliningrad ku Russia, m'mbali mwa nyanja ya Baltic, dzina lake Hermann Hagen, anabadwa mu 1817, anali dokotala koma mtima wake unali pa tizilombo mpaka mu 1867 anasamukira ku Harvard ku America. Dera lakwawoko ndi komwe kumapezeka amber wambiri padziko lonse, wina amakumbidwa wina nyanja imangomulavula pagombe kukachita namondwe chifukwa ndi wopepuka. Mu 1882 Hagen analemba za nsabwe za pakhungwa za mu amber ameneyu, ndipo mwa zina anafotokoza kachilombo kodabwitsa komwe anakatcha Sphaeropsocus kuenowii, kakang'ono pafupifupi milimita imodzi, kozungulira, mapiko ake akutsogolo olimba ngati a chikumbu moti munthu wosadziwa angati ndi kachikumbu basi. Nthawi imeneyo panalibe amene anaonapo chamoyo chofanana nako. Aliyense akanati izi ndi zakale, zinatha. Koma mu 1934 ku Tasmania, chilumba cha dziko la Australia, kutsidya lina la dziko, wasayansi wina dzina lake Hickman anapeza m'bale wake ali moyo, akuyendayenda bwinobwino, nde anakapatsa dzina loti recens, mawu a Chilatini otanthauza kuti ka masiku ano. Zaka 52 zinadutsa anthu akudziwa wakufa yekha pamene wamoyo analipo nthawi yonseyo pansi pa masamba owuma.

Ndipo sizinachitike kamodzi ayi. Mu ntchito yomweyo ya 1882 muli Archipsocus puber, wa mu amber wa ku Baltic yemweyo, ndipo amoyo a mtundu umenewu anadzafotokozedwa pambuyo pake, wasayansi wa ku Germany Günther Enderlein mu 1903 nayenso anatchula wake kuti recens. Lero tikudziwa kuti a Archipsocus ambiri amakhala m'maiko otentha ndipo amaluka ulusi wopyapyala ngati wa kangaude nkukuta thunthu lonse la mtengo mpaka nthambi, iwo nkumadya ndere kunsi kwake mwamtendere. Kummwera kwa United States kuli wina, Archipsocus nomas, anthu amachita mantha akadzuka nkupeza mtengo wawo wavala choyera, pamene tizilomboto tikungoutsuka mtengowo.

Ine izi zimandikhudza kwambiri abale. Panafunika kuti kachilombo kafe, kakhale mu utomoni zaka mamiliyoni, kenako munthu akanyamule chifukwa kamwalako nkokongola, nde pokhapo tinayamba kukayang'anitsitsa, pamene abale ake amoyo timawadutsa tsiku ndi tsiku osatembenuka nkomwe. Ndimaona ngati maso athu anazolowera zazikuluzikulu, ukatchula zinthu zakale anthu amafuna mafupa a madainaso, mano akuluakulu, zoopsa. Koma utomoni sunkasankha, unkagwira amene anali pafupi, ndipo amene anali pafupi ndi ang'onoang'onowa.

Nditawerenga zonsezi ndinatenga kagalasi kokulitsira zinthu nkupita pa mtengo wina wokhala ndi khungwa lokakala, ndinaima pamenepo mwina mphindi 20 osaona kanthu koma nyerere, kenako pamalo pena pomwe ndimayesa kuti ndi banga chabe panagwedezeka. Tinalipo tambiri titaunjikana pamodzi, tina ta mapiko tina tisanamere mapiko, nditayandikitsa chala tonse tinabalalika kenako pang'onopang'ono tinabwereranso nkusonkhana pomwe paja ngati ziweto. Mapiko ake opindidwa ngati denga chimodzimodzi ka pachithunzi kaja. Thupi lonse linachita tsemwe, sindikunama.

Amber wa ku Baltic ndi wa nthawi yotchedwa Eocene, koma poyerekeza ndi ena ndi mwana. Ku Lebanon kuli amber wa zaka pafupifupi 125 miliyoni kapena kupitirira, wasayansi wa komweko Dany Azar wathera moyo wake akumufufuza ndipo nsabwe za pakhungwa zilimo. Ku Spain dera la Álava kuli wa zaka pafupifupi 105 miliyoni, ku Oise ku France wa zaka 53 miliyoni, pamene wa ku Dominican Republic, wochokera ku mtengo wa Hymenaea, ndi wamng'ono kuposa wa ku Baltic, wa zaka pakati pa 15 ndi 20 miliyoni. Koma womwe wasintha zinthu kwambiri m'zaka zaposachedwapa ndi wa ku Myanmar, chigwa cha Hukawng m'chigawo cha Kachin, wa zaka pafupifupi 99 miliyoni.

Ukayika zonsezi pamzere umaona kuti nkhalango zinasintha eni ake. Nsabwe za pakhungwa zili m'magulu atatu akuluakulu, ndipo njira imodzi yowasiyanitsira ndi kuwerenga timfundo ta tinyanga, Trogiomorpha amakhala ndi timfundo toposa 20, Troctomorpha nthawi zambiri 15, Psocomorpha 13. Lero ukapita pamtengo ambiri omwe ungapeze ndi a Psocomorpha, ndi amene achuluka kwambiri. Koma mu amber wa nthawi ya madainaso, ngati wa ku Lebanon, Spain ndi Myanmar, a Psocomorpha ndi osowa, odzadza ndi magulu awiri enawo, pofika mu amber wa ku Baltic nde a Psocomorpha achuluka kale. Pali banja lina, Compsocidae, lomwe lero latsala ndi mitundu iwiri yokha yamoyo, ku Mexico ndi Central America, koma mu amber wa ku Myanmar abale awo akupezeka mitundumitundu. Ngati banja lomwe kale linali mudzi wathunthu lero kwatsala nyumba ziwiri.

Ntchito yake yofufuzayi sizocheza. Kamwalako amakadula, nkukapala, nkukasalaza mpaka kachilombo katsale pafupi kwambiri ndi kunja, ukalakwitsa pang'ono wadula phiko lomwe lakhala bwinobwino zaka 99 miliyoni. Kenako pa maikulosikopu munthu amajambula mitsempha ya m'mapiko umodziumodzi, kuwerenga timfundo ta kumapazi ngati tili tiwiri kapena titatu, kuyang'ana timano ta pa zikhadabo. Amber wina ndi wakuda bii osaoneka mkati, ngati wa ku Charentes ku France, ameneyo amapita naye ku mzinda wa Grenoble ku France komweko, komwe kuli makina amphamvu a X-ray nkuona zamkati osamuswa. Nthawi zambiri kachilomboko mkati mwake munawola kale, chomwe timaonacho ndi chikombole chake ndi kakhungu kakunja. Za DNA iwalani, mu 2013 gulu la asayansi a ku Manchester ku England linayesa kuifufuza pa tizilombo ta mu utomoni wouma womwe sunakalambe nkomwe ndipo silinapezemo kanthu kodalirika.

Nanga bwanji nsabwe zenizeni, zoyabwa zija? Apa mpamene panandizunguza mutu poyamba. Dzina loti nsabwe za pakhungwa linangoperekedwa chifukwa cha kaonekedwe, koma zinadzapezeka kuti ubale ulipodi. Wasayansi wina, Christopher Lyal, mu 1985 anayang'ana kapangidwe ka matupi awo nanena kuti nsabwe za mbalame ndi za nyama zinachokera mkati mwa gulu lomweli, ndipo m'bale wawo wapafupi kwambiri ndi banja la Liposcelis uja wa m'mabuku, kafukufuku wa majini pambuyo pake anadzavomereza. Ndipo zikumveka, kachilombo kaphwatalala kopanda mapiko kokonda kulowa m'ming'alu, kakalowa mu chisa nkumadya chuku ndi tinyenyeswa ta nthenga ndi khungu, m'mibadwo yambirimbiri kanakwera pathupi la mwini chisayo osatsikanso. Mu amber wa ku Myanmar muli Cretoscelis burmitica, wa banja la Liposcelis, yemwe asayansi David Grimaldi ndi Michael Engel anamufotokoza mu 2006, kusonyeza kuti banjali linalipo kale nthawi imeneyo. Ku Eckfeld ku Germany anapeza nsabwe ya mbalame ya zaka 44 miliyoni, Megamenopon rasnitsyni, iyi si ya mu amber koma mu mwala, m'mimba mwake muli tizidutswa ta nthenga zomwe inadya komaliza.

Pena asayansi amalakwitsanso, ndipo ine ndimawalemekeza chifukwa amakonzana poyera. Mu 2019 kunamveka kuti mu amber wa ku Myanmar apeza tizilombo todya nthenga za madainaso, Mesophthirus engeli, nkhani inafala paintaneti ponseponse, koma mu 2021 Grimaldi ndi Isabelle Vea atayang'ananso anati ayi, awa ndi ana a tizilombo toyamwa madzi a zomera tomwe tinangopezeka pa nthengapo.

Koma sindingalembe za amber wa ku Myanmar osanena chomwe chimandiwawa. Migodi yake ili m'dera lomwe mwakhala nkhondo pakati pa asilikali a boma ndi gulu lankhondo la anthu a ku Kachin lotchedwa Kachin Independence Army, mu 2017 asilikali analanda dera la migodi cha ku Tanai ndipo anthu ambiri anathawa kusiya nyumba zawo. Okumba amatsika m'maenje opapatiza akuya kwambiri, kenako miyalayo imawoloka malire nkukagulitsidwa pa msika wa ku Tengchong ku Yunnan, China, ina ngati mikanda ndi zokongoletsera ina kwa ofufuza. Mu April 2020 bungwe la ofufuza mafupa a nyama zakale lotchedwa Society of Vertebrate Paleontology linalembera magazini a sayansi kuwapempha kuti asiye kusindikiza za amber wa ku Myanmar yemwe anagulidwa kuyambira June 2017. Ena anatsutsa, anati mukatero miyalayo ingothera m'makabati a anthu olemera ndipo okumba osaukawo nde avutika kwambiri, ndipo mfundo yawo ndikuimva. Komabe ine ndili kumbali yoti wofufuza aliyense azinena poyera kuti kamwala kake kanachoka kuti, kanagulidwa liti, kanadutsa m'manja mwa ndani, komanso kuti asayansi a ku Myanmar komweko azikhala nawo pa ntchitoyi, chifukwa mapepala ambirimbiri alembedwa pa chuma cha dziko lawo maina awo mulibemo. Ndikamaona phiko lokongola la Compsocidae ndimafuna ndidziwenso za munthu amene anatsika m'dzenje kukalitenga.

Dzulo madzulo ndinabwereranso pa mtengo uja ndi kagalasi kanga, ndimafuna ndiwerenge timfundo ta tinyanga kuti ndidziwe kuti anzangawa ndi a gulu liti. Sizinatheke, tinyangato ntowonda kuposa tsitsi ndipo sitikhala chete olo sekondi imodzi, kamphepo pang'ono gulu lonse lasuntha. Nditabwerera mnyumba ndinatsegula chithunzi chija, nkuchikulitsa ndi zala mpaka kumapeto, nkuyamba kuwerenga kuchokera kumutu pang'onopang'ono, ndinabwereza katatu ndipo katatu konse ndinapeza 13.