Sabata yachitatu: chikepe changa chasiya kugwa

Nkhani yoopsa imene ndikulemba, yochitikira m'chikepe, inafika masamba 9, koma Lachiwiri ndinang'amba atatu. Onse anali a pamene chingwe chikuduka, chikepe n'kumatsika mwaliwiro anthu akukuwa. Powerenganso ndinangoyasamula. Nditafufuza mmene chikepe chimagwirira ntchito manyazi anandigwira. Sichilendewera pa chingwe chimodzi, zingwe zachitsulo zimakhala zingapo, ndipo chikangothamanga mopitirira muyeso mabuleki amaluma njanji za m'mbali. Elisha Otis, katswiri wopanga zikepe, anaonetsa kale mabuleki ake oteteza chikepe kugwa ku New York mu 1854: anaima pathandala m'mwamba, n'kulamula kuti chingwe chidulidwe khamu likuonerera. Sanagwe. Ndiye ine ndiziopseza anthu ndi vuto limene linatha kalekale?

Chimene chimaimitsa tsitsi ndi chitseko. Ukalowa, wapereka ufulu wako wonse kwa batani limodzi. Sungathawe, kulibe zenera, ndipo amene waima nawe phewa ndi phewa sukumudziwa. Nonse mumangoti duu, maso pa manambala, ngati munapangana. Bata limenelo ndi limene ndakhalirapo sabata yonse. Mayi wa m'nkhani yangayi, amene amakolopa m'maofesi usiku, walowa ndi bambo mmodzi. Akuyang'ana pagalasi la kumbuyo, akuwerenga mitu. Itatu. Akucheuka, awiri. Sakunena kanthu, chifukwa ndani angayambe kufunsa mlendo zoterozo? Ndime imeneyi ndailemba kasanu, ndipo yabwino ndi yaifupi kuposa zonse.

Za nsanjika ya 13 ndinkafuna kuzisiya poti zinatchuka mpaka kusukuluka. Nyumba zambiri zazitali zimangolumpha kuchoka pa 12 kufika pa 14 poti ena amati 13 ndi nambala ya tsoka, monganso ku China ndi ku Japan ena amapewera 4 chifukwa katchulidwe kake kamamveka ngati liwu la imfa. Komabe chandikoka ndi ichi: nsanjikayo ilipo ndithu, angoibisira dzina. Choncho nambalayo sindiitchula. Pa 12 manambala akuzima, chikepe chikuima, belu likulira kamodzi.

Pamene ndakakamira ndi pa kutseguka kwa chitsekocho. Ndinayesa kuikapo mzukwa, zinangoseketsa. Panopa ndasiya khonde lamdima lokha, ndi bambo uja akusendera pambali mwaulemu ngati akupereka njira kwa wina wolowa. Mawa ndiwerenga mokweza ndi wotchi m'manja. Ulendo wa m'chikepe sufika mphindi ziwiri, wanga ukutenga zisanu ndi ziwiri.