Chamba, kusanza ndi ndowa ya madzi otentha

Mtima wakhala pansi tsopano. Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi phunziro la cannabinoid hyperemesis syndrome, nthenda yosanza kwambiri ya osuta chamba nthawi yaitali, osaimvetsa. Tinaphunzira kuti THC, mankhwala oledzeretsa a mu chamba, imaletsa nseru, mpaka kunja amaipereka kwa odwala khansa. Nanga chamba chomwecho chingasanzitse bwanji munthu mpaka impso kuyamba kuvutika?

Chandimasula ndi pepala ndi mabolopeni awiri. Ubongo ndinajambula ndi yabuluu, m'mimba ndi yofiira. THC imagwira ntchito m'thupi kudzera pa malo otchedwa CB1. CB1 ya mu ubongo imaziziritsa nseru, koma ya m'mimba imachedwetsa chakudya kutsika. Munthu akasuta tsiku ndi tsiku kwa zaka, zikuoneka kuti mbali ya ubongo ija imazolowera n'kufooka, ya m'mimba n'kutenga mphamvu. Chamba chimodzi, ntchito ziwiri zotsutsana. Anzanga, jambulani. Ine ndaona kuti chimene sunajambule sunachimvetse, ngakhale uloweze usiku wonse.

Nditamaliza ndinakumbukira mnyamata wina wosewera mpira wa ku Ndirande amene tinamuona mu wodi, ulendo wachitatu. Malungo sanapezeke, mankhwala a zilonda zam'mimba anamwa, ondansetron woletsa kusanza sanaphule kanthu, tinkangosintha madiripi. Mayi ake anadandaula kuti, "Adokotala, makala andithera, mwanayu amangofuna madzi otentha osamba, kanayi patsiku." Tonse tinangomva ngati nkhani ya makala. Chikhalirecho anali atatiuza matenda ake! Madokotala a ku Australia amene analongosola vutoli mu 2004 ankanena za shawa, kwathu kuno ndi ndowa pa mbaula. Zikuoneka kuti kutenthako kumadzutsa TRPV1 (malo a mu mitsempha omva kutentha), yomweyo imene capsaicin ya mu tsabola imadzutsa, ndipo nseru imayamba yaleka.

Kwa wampira msampha wake ndi woipa. Amasuta kuti thupi lisaphwanye akachoka ku tireningi, m'mawa nseru ikabwera amasutanso poganiza kuti akudzichiza. Mankhwala a haloperidol amathandiza pa nthawiyo, koma kuchira ndi kusiya basi.

Chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anangodutsapo mphindi zisanu, ati sizibwera pamayeso. Komanso palibe anatiphunzitsa kafunsidwe. Lamulo la 2020 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, osati chosuta. Ndani angavomere mayi ake ali pambali pa bedi, wodi yonse ikumvetsera?

Mnyamata uja anatuluka tisanamufunse. Akadzabweranso ndidzapempha mayi ake atuluke kaye. Koma kuti ndidzayambira pati kuti asandione ngati wapolisi, ndipo ngati angasiyedi anzake a mu timu akusutabe, apo sindinapeze yankho.